Batani la Shift lakwatitsa namwino kwa mwamuna wina

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndili ndi ukali. Mundiuze zoona zokhazokha, chifukwa kuntchito ndi kunyumba komwe aliyense akundiyang'ana ngati ndapha munthu, pomwe mlandu wanga ndi woti ndinapita kusukulu n'kubwerako ndi nzeru zoti zigwire ntchito.

Ndine mtsikana, ndinamaliza digiri ya zamakompyuta chaka chatha. Za kusowa kwa ntchito sindikuuzani, mukuzidziwa. Nditatopa ndi kusiya makalata m'maofesi momwe sayankha n'komwe, alamu anga, amuna a akulu anga, ananditenga kuti ndizithandiza pa shopu yawo yosindikiza. Timapanga makhadi aukwati, malisiti, zikwangwani, timabuku ta misonkhano, chilichonse chimene munthu angafune papepala. Ndimakhalanso kwawo, m'kachipinda ka kuseri komwe kale ankasungiramo makatoni a mapepala. Ndiye mwamva kale kuti bwana wanga ndi yemweyonso mwini denga.

Pashopupo tilipo anayi. Alamu amakhala pakauntala, kulandira makasitomala ndi kukangana nawo za mitengo. Pali mayi wotaipa amene aliyense amawatchula kuti Mayi Liwiro, chifukwa akayamba kutaipa kiyibodi imalira ngati mvula pamalata, maso ali kwina, akucheza ndi kasitomala za matenda a ana. Kumbuyo, komwe kuli chimakina chachikulu chotentha ngati uvuni, kumakhala achimwene ena amene timawati Inki, poti zikhadabo zawo sizinayerepo. Ineyo anandipatsa dzina loti Adigiri. Poyamba ndinkaseka nawo. Panopa ndikalimva limandinyansa.

Makompyuta amene ndinawapeza, Aphungu, anali omvetsa chisoni. Ukayatsa m'mawa umatha kusesa shopu yonse, kupukuta magalasi, kubwera n'kupeza ikuyasamulabe. Pulogalamu yoyendetsa makompyutawo inali yakalekale, eni ake anasiya kuikonza, moti kasitomala aliyense wobwera ndi fulashi yonyamulira mafayilo ankatisiyira kachilombo kowononga mafayilo. Ndinawachonderera alamu miyezi yambiri kuti tisinthe. Yankho lawo linali limodzi: “Chimene sichinafe usachikumbire manda, mlamu.” Mpaka tsiku lina kachilombo kanadya ntchito ya sukulu ina yonse, tinayambiranso pachiyambi. Apo m'pamene anati, “Chita zakozo, koma usatisokoneze.”

Ndinapereka Loweruka ndi Lamlungu langa, popanda wondipatsa ngakhale botolo la chakumwa. Ndinaika pulogalamu yatsopano m'makompyuta onse. Tsopano amayaka usanakhale n'komwe pampando. Tizilombo tinatha. Ndinatsegulanso njira yoti fayilo izidzisunga yokha munthu akamalemba, kuti magetsi akathima ntchito isatayike, chifukwa kale Mayi Liwiro ankalira chaka chonse ndi zimenezi. Wondithokoza analipo? Inki yekha, ndipo anati, “Zikomo Adigiri, koma nthawi yanga yomwera tiyi mwaidula.”

Tsopano ndikufotokozereni pomwe pagona nkhani, ndipo ndiyesetsa kuti mumve ngakhale simukonda zamakompyuta. Pakona ya pansi pa sikirini pali kabatani, ukakadina pamatuluka menyu, ndipo m'menyumo mumaoneka mafayilo amene agwiritsidwa ntchito posachedwa. Pa pulogalamu yakale ija, ukadina fayilo m'menyumo inkatseguka yeniyeniyo. Koma ukaidina utapanikiza batani la Shift, kompyuta inkakupatsa kope, ndipo yeniyeniyo inkatsala osakhudzidwa. Ntchito yonse ya Mayi Liwiro inatsamira pamenepo. Iwo sayamba khadi papepala loyera. Amatenga khadi lokongola la kasitomala wina, kachala kakang'ono ka kumanzere pa Shift, kudina, kufufuta mayina, kulemba atsopano, basi. Amati kumeneko n'kubwereka diresi: uvale, uvine nalo, koma la mwini libwerere lili lonse.

Pa pulogalamu yatsopanoyi ntchito yopanga kope inasamukira pa batani la Alt. Shift tsopano amatsegula fayilo yeniyeniyo, kungoti pawindo lina. Ukayang'ana pasikirini zimaoneka chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi kadzina kakang'ono pamwamba.

Ndinkadziwa zimenezi, ndipo ndinawauza. Ndikubwereza, Aphungu, ndinawauza! Lolemba lomwelo ndinawasonkhanitsa onse, ndinawaonetsa ndi dzanja langa: uyu Shift, musiyeni, uyu Alt, ndiye mnzanu tsopano. Ndinalembanso pagulu lathu la pafoni. Mayi Liwiro sanayang'ane n'komwe bwinobwino. Anati, “Ndamva, Adigiri, ndamva. Ine ndinayamba kutaipa iwe usanamere mano.” Inki anafunsa kuti, “Alt ameneyu si mng'ono wake wa Shift? Bwanji osangokambirana pachibale?” Onse kuseka, alamu kuseka nawo, msonkhano kuthera pomwepo.

Kuti musadzati ndinabisa, m'masetingi muli malo pomwe munthu angathe kumubwezera Shift ntchito yake yakale. Ndinapaona. Sindinapakhudze, dala. Chifukwa chiyani ndipakhudze? Tikamapinda chatsopano chilichonse kuti chifanane ndi chakale, tidzasuntha liti? Batani limodzi lokha, lili pafupi pomwepo ndi linzakelo, munthu wamkulu angalephere kuphunzira? Ine ndinaphunzira zinthu zovuta kuposa pamenepo ndili ndi njala.

Ndiye kunabwera namwino wina ndi bwenzi lake, mphunzitsi, kudzapangitsa makhadi a ukwati wawo. Anasankha khadi lokhala ndi maluwa agolide m'mphepete. Mayi analitaipa, awiriwo anawerenga pasikirini, anavomereza, tinasunga fayilo m'dzina la namwinoyo. Chinatsala n'kudikira pepala lolimba lomwe linali litatha. Sabata yomweyo kunabwera bambo wina wogulitsa nyama, amene butchala yake ili moyang'anizana ndi geti la chipatala chomwe namwinoyo amagwira. Nayenso akukwatira. Anaona maluwa agolide aja pasikirini, anati, “Langa likhale ngati limeneli.” Mayi anatsegula menyu, kachala kaja pa Shift monga kale, anadina fayilo ya namwino, anafufuta dzina la mphunzitsi, analemba la wogulitsa nyama. Asanafike pa dzina la mkwatibwi, alamu anawaitana kuti ataipe kalata ya kasitomala amene ankathamangira basi. Mayi anangotseka windo osasunga, poganiza kuti ndi kope, litayike, adzayambiranso mawa. Koma silinali kope, ndipo kompyuta inali itasunga kale yokha.

Pepala litafika, Inki anatsegula fayilo ya namwino n'kusindikiza mulu wonse. Kuwerenga? Ayi ndithu. Iwo amati, “Ine ndimayang'ana mtundu ngati wakhala bwino. Mawu ndi a anthu a kutsogoloko.” Anadula, anaika m'maenvulopu, anamata. Namwino anadzatenga akuthamangira kuntchito, ena anagawa kwa anzake m'mawodi, ena anapatsa mayi ake kuti apereke kwa achibale.

M'mawa mwake mphunzitsi uja analowa m'shopu. Ndi munthu wofatsa, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anaika khadi pakauntala, analiwongola ndi chala, n'kunena kuti, “Pepani akuluakulu, ndimati ndifunse nawo. Paukwati uwu ine ndabwera ngati mlendo, kapena ndidzathandize kunyamula mipando?” Alamu anawerenga khadilo, pakamwa yasa. Kumbuyo kwake kunali namwino, atavala yunifolomu, maso ofiira. Anati kuchipatala anthu ayamba kale kunong'onezana kuti, “Tinkadabwa ife, nyama yogula tsiku ndi tsiku ija.” Apongozi ake amtsogolo anamuimbira foni n'kumufunsa kuti mwana wawo wamusiya liti. Tisanapume, anatulukira mkazi amene wogulitsa nyama uja akufuna kukwatira, ndipo ameneyo sanabwere kudzafunsa mofatsa. Anthu a m'mashopu oyandikana nawo anadzaza pakhomo.

Mukudziwa chimene alamu anachita? Asanafunse aliyense, asanayang'ane chilichonse, anatembenukira kwa ine pamaso pa gulu lonselo. “Ndi makompyuta ako aja.” Ine! Amene sindinakhudze khadilo ngakhale ndi chikhadabo! Ndinapita pakompyuta, ndinatsegula mbiri ya fayiloyo, ndinawaonetsa kuti inasinthidwa pampando wa Mayi Liwiro. Mayi anaimirira n'kunena kuti, “Ine ndinagwira Shift monga mwa masiku onse.” Mutu wanga unangoti phuu. Ndinati, “Vuto lake ndi limenelo, monga mwa masiku onse! Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni? Ngati zala zanu zakalamba moti sizingaphunzire batani limodzi, kapumeni kunyumba, ena agwire ntchito.”

Ngakhale mkazi wolalata uja anasiya. Mayi anatenga chikwama chawo, fulasiki yawo, ndi kapilo kamene amatsamira pampando, n'kutuluka. Mpaka lero sanabwerere. Alamu akawaimbira amangoti, “Ndikupumitsa zala, bwana.”

Ntchito yawo ndikuigwira ine, ndipo makhadi anga ndi okongola kuposa awo, sindikudzitama. Koma makasitomala akalowa amasuzumira pampando paja n'kufunsa kuti amayi aja ali kuti, ndikati ndikuthandizani ine, ena amati adzabweranso. Sabweranso. Inki anasiya kundilankhula, amangoimba nyimbo za maliro akamadutsa kumbuyo kwanga.

Dzana tikudya, ana ali pomwepo, alamu anaika supuni pansi n'kunena kuti mwezi uno usanathe ndichite zinthu ziwiri. Ndibwezeretse makompyuta onse mmene analili kale, ndiponso ndipite kunyumba kwa Mayi Liwiro ndikapepese. “Apo ayi, mlamu, upeze shopu ina ndi denga lina. Ine sindingataye munthu amene anandimangira shopu chifukwa cha Alt.” Akulu anga anangoweramira m'mbale. Kenako kukhitchini tikutsuka, anandinong'oneza kuti, “Ingopepesa iwe, kupepesa sikufufuta digiri. Usandiphwanyire banja.” Iwonso ndawakwiyira. Anandilipirira okha mayeso ena, lero akufuna ndikakwirire zimene ndinaphunzirazo kuti amuna awo adye bwino.

Aphungu, tawerengani olakwa pankhaniyi. Mayi anauzidwa, sanamvere. Inki anasindikiza mulu wa makhadi osawerenga mzere ngakhale umodzi. Alamu amakana kuti tizisindikiza khadi limodzi loyesera chifukwa akuti pepala ladula. Namwino mwini wakeyo sanatsegule envulopu ngakhale imodzi asanagawe. Koma wopepesa ndi ine, chifukwa ndine wamng'ono, ndine mtsikana, ndiponso ndimadya kwawo. Ndipo akufuna ndibwezeretse ndi manja angawa chipulogalamu chodzaza tizilombo, kuti mawa chikadyanso ntchito ya anthu adzati Adigiri analephera. Dziko lathu likutsalira chifukwa cha zomwezi. Wachinyamata akabweretsa chabwino, amamuyang'anira pomwe apunthwire, ndipo akapanda kupunthwa amamutchera mwendo.

Chikwama ndalongedza kale, chili pansi pa bedi. Mnzanga wa kukoleji wati ndingathe kugona pansi m'chipinda chake mpaka nditapeza pogwira, ngakhale nayenso lendi ikumuvuta. Mtima ukundiuza kuti ndinyamuke ndisanapepese tchimo la eni, aone okha mmene shopuyo iyendere. Koma kunena zoona ndilibe kwina kolowera, ndipo akulu angawo ndiwo mayi amene ndatsala nawo. Ndichoke kapena ndigwade? Chonde musandiuze kuti akulu salakwa. Ndazimva mokwanira sabata ino.

Ine wopsa mtima,
T.M.K., m'tauni muno

*

Mwanawe T.M.K.,

Chikwamacho chisiye pansi pa bedi pomwepo, khala pansi, umve. Sindikuuza kuti akulu salakwa. Amalakwa, ndipo pashopu panupo alakwa mokwanira. Inki ndi waulesi wa maso. Alamu ako anaumira pepala limodzi n'kutaya mulu wonse, ndiponso sanachite bwino kukuloza chala pagulu asanafufuze. Kusintha makompyutawo unachita bwino, ndipo kubwerera ku chipulogalamu cha tizilombo kungakhale kupusa. Pamenepo ndili mbali yako.

Koma m'kalata yako muli mawu awiri amene walemba monyadira, ndipo ndi omwe akukutsutsa: “Sindinapakhudze, dala.” Unaona dzenje panjira imene mnzako amadutsa tsiku lililonse. Dothi lokwirira linali m'manja mwako. Iwe unasankha kuitanitsa msonkhano wolengeza kuti pali dzenje.

Zala sizipita kumsonkhano, mwanawe. Makaniko atasinthanitsa buleki ndi chopondera mafuta pagalimoto, n'kumufotokozera dalaivala bwinobwino, kumulemberanso uthenga pafoni, tsiku limene mwana adzathamangire mumsewu phazi lidzapita komwe linazolowera. Dalaivalayo sadzakhala wopusa kapena wokalamba. Luso lenilenilo ndi limenelo, kuti thupi limagwira ntchito mutu uli kwina. Wanena wekha kuti Mayi amataipa akucheza ndi kasitomala. Liwiro limene linawapatsa dzinalo ndi lomwelo linapanikiza Shift.

Ndipo taona mmene msamphawo unalili woipa. Shift akanakhala kuti wangosiya kugwira ntchito, Mayi akanadina, palibe chochitika, akanakuitana. Koma ankatsegula fayilo, mooneka ngati kale, osachenjeza. Chitetezo chomaliza chimene Mayi anali nacho chinali kutseka osasunga, ndipo chimenecho unachichotsa ndiwe, ndi mtima wabwino, pofuna kuwateteza ku magetsi. Zinthu ziwirizi payekhapayekha zinali zabwino. Kuziphatikiza ndiko kunakwatitsa namwino kwa mwini butchala, ndipo munthu yekhayo pashopupo amene akanatha kuona zimenezi zisanachitike ndi amene ali ndi digiri ya zamakompyuta. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, n'zoona. Koma wometa ndi amene amayang'anira kuti khutu la mwini mutu lisachoke.

Chinanso chandikhumudwitsa. Kalata yako ndi yaitali, koma sunandiuze chimene mwamuchitira namwino uja. Pa anthu onsewa, amene dzina lake likutafunidwa m'makonde a chipatala ndi iyeyo, ndipo iwe wamuika pagulu la olakwa chifukwa sanatsegule envulopu. Munthu akagula mankhwala otsekedwa bwino sawalawa kaye kuti aone ngati muli poizoni. Anakukhulupirirani.

Ndiye yambira pamenepo. Ngati simunatero kale, musindikize makhadi ena mwaulere, mwachangu. Shopu ilembe kalata yaifupi, yosainidwa ndi alamu ako, yonena mosabisa kuti cholakwacho chinachitika pashopu ndipo namwino ndi bambo wa nyama uja sakudziwapo kanthu. Namwinoyo akalola, pita nayo wekha kwa apongozi ake ndi kwa bwenzi la bambo wa butchala uja. Usakafotokoze za mabatani kumeneko, palibe amene akuzifuna. Ukangoti tinalakwitsa ndife, pepani.

Ukatero khala pamakompyutawo. Mubwezere Shift ntchito yake yopanga kope, pamakompyuta onse, ndipo Alt akhale momwemo kwa amene akumufuna. Fayilo iliyonse imene kasitomala waivomereza uziitseka kuti isasinthikenso popanda kufunsa. Zodzisunga zokha zikhale pa ntchito imene ikulembedwa, osati pa yomalizidwa. Izi ukuzidziwa kuposa ine. Ndipo khadi limodzi loyesera lizituluka nthawi zonse, wina aliwerenge mokweza, mayina onse awiri, Inki asanayatse chimakina chake. Alamu ako akadandaula za pepala, uwafunse mwaulemu kuti mulu uja unadya mapepala angati.

Tsopano za Mayi Liwiro. Upite, ndipo usadikire kutha kwa mwezi. Upite wekha, kunyumba kwawo, wopanda kompyuta m'manja, wopanda umboni. Sindikukutuma kukavomera kuti unafufuta dzina la mphunzitsi ndiwe, ayi. Ukapepese pa zimene pakamwa pako panatulutsa. Mayi amenewa akudziwa kuti dzanja lawo ndi limene linadina, ndipo n'kutheka kuti sakugona nazo. Pa nthawi imene anali ndi manyazi kale, iwe unawavula pamaso pa makasitomala ndi anthu a m'mashopu oyandikana nawo, n'kunyoza chinthu chimodzi chimene amadyera. Alamu ako atakuloza chala pagulu unamva bwanji? Iwe unachita zomwezo, n'kuwonjezapo. Popepesapo mawu oti “koma” asatuluke. Ukangoti “pepani, koma ndinakuuzani,” wabwerera chabe, ungowononga ndalama ya basi. Akakulandira mozizira, pirira. Ukawauze kuti Shift wabwerera, ndipo uwapemphe adzayese okha ndi dzanja lawo, chifukwa pangakhale tizizolowezi tina ta zala zawo timene pulogalamu yatsopanoyo yasintha iwe osadziwa. Ukhale pambali pawo tsiku lathunthu ukuyang'ana mmene amagwirira ntchito. Zimenezi unayenera kuchita usanasinthe chilichonse.

Alamu ako apempha zinthu ziwiri. Chimodzi uwapatse chathunthu, ndicho kupepesa. Chinacho ukambirane nawo, koma kushopu, osati patebulo pamaso pa ana, ndipo akulu ako uwachotsemo m'nkhaniyi. Iwo ali pakati pa mwamuna ndi mng'ono wawo, mbali iliyonse imene angatsamire apsa. Alamu akowo sakulira makompyuta oyasamula aja. Akufuna Mayi abwerere pampando, ndiponso kuti pakauntala pasadzaimenso mkwati wofunsa ngati waitanidwa. Ukawaonetsa Mayi atakhala pampando, akudina monga kale, kope likutuluka, fayilo ya kasitomala ili yotseka, ndikukayika ngati adzakumbukire n'komwe zobwezeretsa zakale.

Akaumirirabe, shopu ndi yawo. Uwauze kamodzi, momveka, kuopsa kwake, usunge mafayilo onse pamalo ena otetezeka, uchite zimene anena, ndipo uyambe kufunafuna ntchito ina uli pansi pa denga, ukudya. Kuchoka sikoletsedwa. Mtsikana wa mutu ngati wakowo sadzakalambira m'shopu ya alamu ake, ndipo sindikufuna kuti atero. Koma pansi pa chipinda cha mnzako amene lendi ikumuvuta si poyambira moyo, ndi pothera ubwenzi.

Chenjezo langa ndi ili. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Aliyense amene adzafune kukulemba ntchito adzafunsa komwe unagwirapo, ndipo malo ake ndi amodzi okhawo. Komanso iwe ukuti ukufuna zinthu zisinthe. Ukanyamuka lero mokwiya, alamu ako adzaitana wina kudzabwezeretsa zakale zonse, ndipo nkhani imene idzatsale mumsewu wonsewo ndi yoti zatsopano zimaphwanya maukwati. Wachinyamata wotsatira amene adzabwere ndi nzeru zake pashopu iliyonse ya pamenepo sadzaloledwa kukhudza ngakhale waya, ndipo adzamuuza kuti kunali mnzako wina.

Mawa m'mawa, usanatsegule kompyuta, kagogode kwa Mayi.

Aphungu